Mutu 5: Chinanazi Chosawiritsa

1. Mano a Patience

Lusubilo anaphunzira kupanga maswiti chifukwa cha mano a mng'ono wake. Patience anali ndi zaka zisanu pamene anamuzula mano awiri kukiliniki. Namwino anafunsa zimene mwanayo amadya akaweruka kukireshi, kusukulu ya mkaka. Yankho linali maswiti a pasipaza, kagolosale ka m'makwalala, aja ofiira omata m'mano, tsiku ndi tsiku.

Banjali linali la Amalawi okhala ku KwaThema, ku Joni. Mayi awo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Benoni ndipo ankagona komweko. Bambo awo ankalawira kupita ku Isando, kumene ankakweza ndi kutsitsa katundu m'malole. Choncho nkhani ya mano inagwera Lusubilo, mtsikana wa Giredi 10.

Kumuletsa Patience maswiti kunakanika. Ankalira mpaka mawu kutha. Lusubilo anakafunsa aphunzitsi ake a zophikaphika, ndipo pobwera anagula paketi ya jelatini. Jelatini ndi ufa wochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Ndi chinthu chomwe chija chimagwiritsa msuzi wa mang'ina ukazizira.

Kapangidwe kake kanali kotere. Ankafinya malalanje mpaka kapu idzaze. Pamadziwo, akadali ozizira, ankawazapo masipuni atatu a jelatini n'kudikira mphindi zisanu kuti ufawo utupe. Kenaka ankaika poto pamoto wochepa, akutakasa, osalola kuti ziwire. Ankathiramo sipuni imodzi ya uchi. Shuga ayi. Akafuna ofiira ankadonthezamo madzi a bitiruti. Zonsezo ankazikhuthulira m'thireyi, n'kuika mufiriji maola awiri. Zikagwira ankadula tizidutswa ting'onoting'ono toti mwana sangatsamwidwe nato.

Patience anadya kamodzi, napempha kena. Za pasipaza anaziiwala.

2. Pachipata cha kireshi

Kireshi ya Patience inali m'galaja ya mayi Bessie, mumsewu wachitatu kuchokera kwawo, ku KwaThema komweko. Atate a mayi Bessie anabwera ku Joni kuchokera ku Ntcheu nthawi ya migodi, osabwereranso kumudzi. Mwana wa mayi Bessie, Jennifer, anali m'kalasi imodzi ndi Lusubilo. Jennifer ankamva Chichewa bwinobwino, koma kusukulu sankafuna kuti munthu adziwe.

Ana a pakireshi ataona maswiti a Patience anayamba kumuzinga. Mayi Bessie analawa, nafunsa zimene zinali m'katimo. Atamva, anapempha Lusubilo kuti azibweretsa thireyi yodzaza Lachisanu lililonse. Zinayenda miyezi iwiri. Makolo anayamikira. Mayi Bessie anayamba kumuuza Jennifer, anthu akumva, kuti aziona mnzake mmene amagwiritsira ntchito manja, osati kukhalira foni.

Kenaka mwana wina anatsekula m'mimba. Inali nthawi yoipa. Kunkamveka mbiri za ana odwala atadya zogula m'masipaza, ndipo makolo onse anali ndi mantha.

Lachisanu lotsatira Lusubilo anafika ndi thireyi yake amayi ali pachipata, akudikira ana. Jennifer anatuluka m'nyumba namuloza chala. Ananena m'Chizulu, mokweza, kuti awa ndi maswiti a makwerekwere ndipo palibe amene akudziwa zimene amaikamo. Makwerekwere ndi dzina lonyozera alendo.

Mayi wina wamtali, make wa mwana wodwala uja, analanda thireyi nakhuthulira maswiti onse m'ngalande. Atatero analavulira pansi, pafupi ndi nsapato ya Lusubilo. Patience anali pomwepo, chikwama chili kumsana.

Patapita masiku anayi kukiliniki ananena kuti mwana uja anamwa madzi oipa. Palibe anapepesa. Mayi Bessie anangotumiza uthenga woti Lusubilo ayambe wasiya kubweretsa maswiti mpaka mitima ya anthu itsike. Ana anayamba kumutcha Patience kuti Poizoni.

Lusubilo sanalire. Anatsuka thireyi, naiika pamwamba pa kabati. Anauza Patience kuti asadandaule, Jennifer adzaona.

3. Jennifer adzafunsa

Panapita masabata atatu. Loweruka linali tsiku lotsanzikana ndi ana omaliza kireshi. Ana makumi atatu anayenera kuvala timikanjo takuda ndi tizipewa, ndipo Patience anali mmodzi wa iwo. Makolo anali atakana zogula m'sipaza. Mayi Bessie anawalonjeza maswiti opangira pakhomo, ndipo anati opanga adzakhala Jennifer.

Jennifer anayesa kawiri. Koyamba munali mibulumibulu. Kachiwiri zinalimba ngati mphira wa tayala. Lachinayi masana anafika pakhomo pa Lusubilo, namupeza akuchapa mayunifolomu.

"Chomi, mnzanga, zakale zija tiziiwale," anatero Jennifer m'Chichewa. "Ndiuze mmene umachitira."

"Lero Chichewa wachitola kuti?" anafunsa Lusubilo, manja ali m'beseni.

Jennifer anaseka. Ananena kuti mayi ake amusenda wamoyo zikakanika Loweruka, ndiponso kuti tsiku lija ankangocheza. Kupepesa sanapepese.

Lusubilo anapukuta manja. Anamuuza zonse mwandondomeko: kuwaza ufa pamadzi ozizira, kudikira, moto wochepa, uchi, firiji. Zonsezo zinali zoona. Jennifer ankalemba pafoni.

Atatsala pang'ono kunyamuka, Jennifer anafunsa za zinanazi. Kholo lina logulitsa zipatso linali litapereka bokosi lathunthu, ndipo mayi Bessie ankafuna maswiti achikasu. Kodi chinanazi chingatheke m'malo mwa malalanje?

Lusubilo ankadziwa yankho. M'chinanazi chachiwisi muli chinthu chimene chimadya jelatini. Ukapanda kuyamba wawiritsa madzi ake, maswiti sagwira, ngakhale utawasiya mufiriji sabata yonse. Iye mwini anali atatayapo thireyi yathunthu asanadziwe zimenezi.

Anamuyang'ana Jennifer m'maso.

"Chinanazi ndiye chabwino zedi," anatero. "Koma usachiike pamoto, ungaphe mavitamini. Usungunule jelatini pambali m'madzi ofunda, kenaka uthiremo madzi a chinanazi osawiritsa."

Jennifer analemba, nathokoza mwachidule, napita. Lusubilo anabwerera pabeseni. Anachapa malaya amodzi kawiri osazindikira.

4. Mawu a Che Twalibu

Kuseri kwa nyumbayo kunali kachipinda ka malata kamene ankakhalamo Che Twalibu, nkhalamba ya ku Mangochi. Iwo anaphikira anthu a mumgodi kufupi ndi Nigel zaka makumi awiri. Mgodi utatsekedwa anayamba kusoka nsapato. Lusubilo ankawapatsako maswiti, ndipo chifukwa cha iwo ankagula jelatini ya ng'ombe yokhayokha. Ndi iwonso amene anamuphunzitsa za chinanazi tsiku lija anataya thireyi.

Masanawo anali atakhala pakireti, nsapato ili pabondo, ndipo anamva zonse. Anamuitana Lusubilo. Anamufunsa ngati zimene anamuuza mnzake zija anaziuza moiwala kapena mokumbukira.

"Mokumbukira, agogo."

Che Twalibu anabaya singano m'chikopa naisiya pomwepo.

"Khala pansi, mama. Ndikuuze za mnzanga Hussaini. Tinali m'khitchini imodzi kukomponi ya mgodi, ife Amalawi asanu ndi awiri. Nthawi imeneyo ankatitcha Manyasa. Kapitawo wa m'khitchini anamunamizira Hussaini kuti waba nyama. Anamuvula malaya pamaso pa anthu, kumufufuza ngati galu. Nyamayo inapezeka tsiku lotsatira, itagwera kuseri kwa firiji. Kapitawo sanapepese. Hussaini anakhala chete milungu iwiri. Tsiku limene bwana wamkulu ankabwera kudzaona khitchini, Hussaini anakhuthulira thumba lonse la mchere mumgolo wa nyemba. Ankafuna kuti kapitawo achite manyazi. Iye ankaona munthu mmodzi basi. Koma pamzere panali anthu mazana anayi otuluka pansi, njala ili m'maso. Anthu amenewo sanafunse kuti kapitawo analakwa chiyani. Anati Manyasa atithirira mankhwala. Anaswa mawindo. Mnzathu wina anathyoka mkono, munthu woti sanagwireko mchere. Sabata isanathe tonse asanu ndi awiri anatichotsa m'khitchini. Ine ndinabwereramo patapita chaka. Kapitawo uja anakhalabe pantchito mpaka penshoni."

Lusubilo anati nkhaniyo ndi yosiyana. Iye sanathire kanthu m'chakudya cha munthu. Maswiti angokana kugwira, anthu aseke, basi.

"Anandilavulira, agogo. Patience akumutcha Poizoni. Inu munamva?"

"Ndinamva, ndipo anakulakwira. Zimenezo sindikukana. Koma tamvera. Chakudya si mwala woti ungagende nacho munthu mmodzi. Chikachoka m'manja mwako chimalowa m'kamwa zambiri, ndipo kamwa iliyonse ili ndi make. Iwe wagenda Jennifer, koma pamzerepo pali ana makumi atatu. Ndiponso kumbukira kumene tili. Kuno mwana wa eni dziko akapsereza chakudya amati wapsereza. Ife tikapsereza amati tafuna kupha. Anthu akakwiya sasiyanitsa kuti uyu anabadwira kuno, uyu anabwera pabasi. Onse amatiika m'thumba limodzi. Ngati ukufuna chipepeso, tiye. Ndivala jekete, tikawaone mayi Bessie, amuimike mwana wawo pachipata chomwe chija apepese amayi onse akumva. Ine ndikayankhula. Koma uyambe wakamuuza kuti awiritse chinanazi."

Lusubilo anaimirira.

"Chipepeso sichindikwana," anatero.

Che Twalibu anazula singano napitiriza kusoka. Anangoti Lusubilo ali ndi tsiku limodzi loti aganize.

5. Lachisanu

Lachisanu ataweruka kusukulu Lusubilo sanapite kunyumba. Analunjika kukireshi. Njira yonse ankabwereza mawu atatu oti akanene: uyambe wawiritsa chinanazi. Sankafuna kucheza. Ankafuna kunena mawuwo n'kutembenuka.

Pachipata panali amayi, monga mwa nthawi zonse. Mayi wamtali uja analiponso. Atamuona Lusubilo anakokera mwana wake kumbuyo kwa siketi.

Jennifer anamuonera pawindo la khitchini. Anatuluka mothamanga, manja ali nyowenyowe ndi madzi a chinanazi, namukokera pambali pa mpanda.

"Ukufuna chiyani pano? Ukalowere kuseri, asakuone. Angaganize kuti wagwirako."

Ananena monong'ona, m'Chichewa. Kenaka anatembenukira amayi aja namwetulira, nawauza m'Chizulu kuti mtsikanayu wangobwera kudzatenga mng'ono wake, m'khitchini salowa.

Amayi awiri anagwedeza mitu mokhutira.

Lusubilo anafunsa ngati wayamba kale kufinya. Jennifer anati watsala ndi zinanazi zinayi, zina n'zosapsa bwino koma azifinya momwemo.

"Ndiye wabwera kudzatani?" anafunsanso Jennifer.

"Palibe. Ufinye kwambiri."

Anatenga Patience napita. Atafika pakhomo, Che Twalibu anadzutsa mutu namuyang'ana. Lusubilo analowa m'nyumba natseka chitseko. Anasita kamkanjo ka Patience mosamala, naupachika pamsomali.

6. Loweruka

Pabwalo la mayi Bessie anakhomapo tenti yoyera. Mipando inali yobwereka kutchalitchi. Abwana a mayi a Lusubilo anakana kuwamasula, ndipo bambo awo anali pantchito, choncho Lusubilo ndiye anaimira makolo. Anakhala mzere wakumbuyo, pamalo poti aziona chitseko cha khitchini.

Ana anaimba nyimbo ziwiri. Analandira mapepala awo mmodzimmodzi. Chipewa cha Patience chinali chachikulu, chinkagwera m'maso. Kenaka mayi Bessie anaimirira nalengeza kuti tsopano ndi nthawi ya maswiti opanda shuga, opangidwa ndi mwana wawo weniweni, m'khitchini yaukhondo. Anthu anaomba m'manja.

Jennifer anachedwa kutuluka. Mayi ake anamuitana kawiri. Atatuluka anali atanyamula thireyi ndi manja onse awiri, akuyenda ngati wasenza madzi m'mbale. Ndipo analidi madzi. Anali atagona mufiriji kuyambira dzulo lake, koma ankangoyendayenda m'thireyimo, achikasu, a thovu pamwamba. Pang'ono anatayikira pansapato zake.

Wina anaseka. Ena anatsatira. Mayi wamtali uja anafunsa ngati ana adye ndi foloko kapena asambe. Mtsikana wina wa kusukulu kwawo anakweza foni najambula. Jennifer anaima pakati pa bwalo.

Lusubilo anaona zonse, osaphethira. Zinamukoma. Anawerenga anthu amene ankaseka, ndipo anafuna kuti akanachuluka.

Mayi Bessie sanali munthu wogonja msanga. Anaseka nawo, nati lero kwatentha, maswiti asanduka juwisi. Analamula kuti abweretse makapu. Anathira madziwo kapu ndi kapu, ana onse makumi atatu analandira. Ana anali ndi ludzu. Anamwa.

Chinanazi chachiwisi, makamaka chosapsa bwino, chimayabwa lilime. Munthu wamkulu amangopirira. Mwana amanena.

Kamtsikana kena kanauza make kuti m'kamwa mukuwotcha. Mwana wina anatulutsa lilime nayamba kulikanda ndi zala. Wachitatu, amene milomo yake inali yong'aluka kale ndi mphepo, analira mokuwa. Ana akaona mnzawo akulira amalira onse.

Kuseka kunatha. Mayi wamtali analanda kapu ya mwana wake, nainunkhiza, naiponya pansi. Mayi wina anapisa chala kukhosi kwa mwana wake kuti asanze. Wina ankakuwa kuti abweretse mkaka. Mipando inagwa.

Bambo wina wovala ovolosi anaimirira pampando. Ananena kuti iye ankadziwa kalekale. Anthu awa ndi amodzi. Bessie ameneyu atate ake anachokera ku Malawi komweko, asanamize anthu ndi Chizulu chake. Poyamba anatuma kamtsikana kaja, lero watuma mwana wake. Kireshi imeneyi itsekedwe lero lomwe. Anatsika pampando napita kugalimoto yake kukatenga tcheni ndi loko.

Amayi atatu anamupanikiza Jennifer kukhoma. Ankamufunsa chimene waikamo. Jennifer ankangoti chinanazi, chinanazi chokha, koma palibe ankamva. Mmodzi anamugwira tsitsi. Mayi Bessie anayesa kulowa pakati, wina anawakankha nagwera pa tebulo la makapu.

Patience anabwera kwa Lusubilo akulira, chipewa chili m'manja, kapu ili ndi theka. Anafunsa ngati afa.

Lusubilo anamulanda kapuyo. Anadutsa pakati pa mipando yakugwa mpaka kutsogolo, pamene aliyense akanamuona. Anakweza kapu m'mwamba, namwa zonse, naitembenuza kuti aone kuti yatha. Anayankhula m'Chizulu kuti pasakhale wina woti sanamve.

"Mulibe poizoni. Ndi chinanazi chosawiritsa. Chimayabwa lilime kanthawi kochepa, kenaka chimasiya. Apatseni ana madzi akumwa, musawasanzitse."

Mayi wamtali anafunsa kuti iye akudziwa bwanji, poti m'khitchini sanalowe.

"Ndikudziwa chifukwa ndine ndinamuuza kuti asawiritse. Ndinkadziwa kuti maswiti sagwira. Ndinachita dala, kuti mumuseke monga munandinyozera ine."

Dzanja limene linagwira tsitsi la Jennifer linamasuka. Amayi atatu aja anatembenuka. Ana ena anali atasiya kale kulira, akunyambita milomo, koma makolo sankayang'ananso ana. Mayi Bessie anadzuka pang'onopang'ono, akugwira chiuno, maso ali pa Lusubilo.

Bambo wa ovolosi anali atabwerera. Anamva mawu omalizawo ali pachipata. Analowa, nakoka chipata, nakulunga tcheni kawiri, natseka loko ali m'kati. Kiyi anaika m'thumba la pachifuwa.

"Palibe atuluke," anatero. Anakoka mpando umodzi nauimika pakati pa bwalo, pamaso pa makolo onse. "Khala apa, mtsikana. Utiuze bwino, kuyambira pachiyambi."

Lusubilo anaika kapu pansi. Anauza Patience kuti akaime pafupi ndi aphunzitsi ake, asachokepo. Kenaka anayenda kupita pampandopo.